Thumba Limene Ndinasokera Nyama

Thumba limenelo ndinalisoka Lachisanu masana, nditakhoma chitseko cha shopu ngati munthu amene akuba katundu wake yemwe. Ndakhala pamakina zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo matumba ndasoka a mitundu yonse: a foni, a makiyi, a amuna obisira akazi awo makalata, ngakhale la mkulu wina wolemekezeka amene ankafuna poika kabotolo kake. Koma thumba la nyama ndinali ndisanasokepo.

Ndinatenga jekete langa lotuwa, lija ndimavala pakakhala zinthu zaulemu. Ndinamasula nsalu ya m'kati mbali ya kumanzere, n'kudula pepala la pulasitiki lokhuthala, la mtundu umene amakutira matiresi atsopano, n'kulisokera m'menemo. Pakamwa pa thumbalo ndinapasiya potakasuka kuti dzanja lizilowa mosakodwa. Msoko ndinauyendetsa bwino, wothithikana, kawiri konse, chifukwa ine ntchito yothamangira sinditha ngakhale ikhale yobisika. Nditamaliza ndinavala jeketelo, n'kuima pagalasi la makasitomala ndikuyeserera: dzanja kukamwa, kampango, dzanja m'jekete. Nkhalamba ya imvi mutu wonse, kuphunzira kuba chakudya cha m'kamwa mwake momwe.

Nkhani yake inali yakuti kummero kwanga kunali kutamera chotupa. Chinayamba ndi nyama, miyezi isanu m'mbuyomo. Nthuli inaima pachifuwa, ine n'kumati ndadya mofulumira. Kenako mpunga unayamba kuima pomwepo, kenako buledi wouma. Pofika sabata imeneyi, zimene zinkadutsa zinali tiyi, buledi woviika mpaka asungunuke, ndi nthochi yophwanya ndi supuni. Kunyumba ndinkanama kuti ndadya kale kushopu, kushopu ndinkauza anzanga kuti ndadya kunyumba. Mathalauza ndinkawachepetsa ndekha m'chiuno, mabatani a kolala ndinkawasuntha. Ubwino wa utelala ndi umenewo, munthu ukhoza kutha thupi lonse zovala zikukukwanabe.

Kuchipatala ndinapita mozemba. Dokotala wake anali mayi wachitsikana, wanzeru ndithu, ngakhale amene anamusokera gauni anamulakwira mapewa. Atandilowetsa kapaipi kukhosi n'kuona zimene anaona, sanazungulire. "Izi si zochedwa nazo, bambo. Mukhala kuno nthawi yaitali. Mubwere ndi munthu wokudikirirani." Ndinavomera ndi mutu, kapepala kake ndinakapinda kanayi n'kukaika m'dirowa, pansi pa mabatani. Munthu wondidikirira ndinkamudziwa, ndipo ndiye amene sindinkafuna kuti amve.

Ana ndili nawo awiri. Wamkulu ndi wamwamuna, timamutcha Mawa, chifukwa kuyambira ali mwana chilichonse ukamutuma yankho lake linali lomwelo. Wamng'ono ndi wamkazi, Kasingano. Anali wowonda ali mwana, ndipo ndiye ankandilowetsera ulusi pasingano maso anga atayamba ulesi. Mutu wake ndi wa magetsi. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anakonza ayironi ya m'shopu imene amuna awiri a ndevu zawo anailephera. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu anamutenga kusukulu ya zamagetsi, kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Kutatsala sabata imodzi kuti anyamuke, mayi ake anagwa m'bafa, mbali imodzi ya thupi n'kufa.

Kasingano sanapitenso, anawadwazika zaka zisanu ndi chimodzi. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa zofunda, kuwadyetsa ndi supuni. Chakudya chikawakanika kumeza, Kasingano sankathamangira mbale kapena nsalu. Ankangotchera chikhatho pansi pa chibwano chawo n'kunena motsitsa kuti, "Lavulani, mayi." Ine ndinkayang'ana kumbali, sindinkatha kupirira. Mawa pa zaka zonsezo anabwera kangapo ndi botolo la juwisi, n'kuima pakhomo la chipinda kufunsa ngati pali kusintha. Mayi awo anatisiya chaka chatha. Kasingano analembanso kalata kusukulu kuja, ndipo anamuyankha kuti apite, koma aka ndi komaliza, chifukwa munthu wokwanitsa zaka makumi atatu samulandira. Iye ankakwanitsa makumi atatuwo mwezi wotsatira. Basi yake inali ya Lolemba m'mawa.

Ndiye pulani yanga inali yachidule, kungofika Lolemba. Akwere basi, akalembetse, akazolowere, ine ndidzipititse ndekha kuchipatala ndi kachikwama kanga. Ndinali nditamusokera maovolosi atatu abuluu, okhala ndi kathumba kakatali pantchafu koikamo zida, ndipo anali atawapinda kale m'chikwama. Zonse zinkayenda bwino mpaka Mawa anaimba foni Lachinayi. "Bambo, mlongo wanga sangapite chonchi. Loweruka masana tikadye nyama kwa a Makala." Ndinati ndili ndi suti ya mwini yoti ndimalize. Anati suti idikira. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akuzengereza, tsiku limeneli lokha ndiye analisunga.

Kwa a Makala ndi kuseri kwa malo otsukira magalimoto. Ndi chisakasa cha malata, kutsogolo kotsegula, kumbuyo makoma akuda ndi utsi. Pakhomo pali migolo iwiri yodulidwa chamlitali, makala m'kati, waya pamwamba, ndipo munthu sungalowe osadutsa pamenepo. Ndakhala ndikudya kumeneko kuyambira a Makala ali ndi mgolo umodzi ndi tsitsi lonse. Maepuloni awo ndimasoka ndine. Ali ndi chizolowezi chimodzi chimene anthu amawakondera: kasitomala wakale asanakhale pansi, amamudulira kanthuli n'kumupatsira kunsonga ya mpeni kuti alawe iwo akuona. Sachotsa maso mpaka utameza n'kunenapo mawu. Zimenezi ndinali nditaziiwala, nzeru zanga zonse zinali za patebulo.

"A Telala, mwasowatu," anatero a Makala akupukuta thukuta ndi mkono. "Ndimati mwayamba kudya kwa adani anga. Komanso mwaphwa bwanji? Makina akukudyani?"

"Ndi jeketeli," ndinayankha. "Limachepetsa munthu."

"Ndiye tikukonzani lero."

Mpeni unabwera, kanthuli kakuchucha mafuta kunsonga. Ndinakatenga n'kukaponya m'kamwa. Ndisaname, misozi inatsala pang'ono kutuluka, osati ndi ululu ayi, koma kukoma. Mchere, utsi, mafuta opserera m'mbali. Miyezi yonseyi m'kamwa mwanga munkalowa za makanda zokhazokha. Ndinatafuna, a Makala maso ali pa ine, kenako ndinakankhira kanthuliko kutsaya ndi lilime n'kumeza malovu okha kuti khosi lioneke likugwedezeka.

"Bwanji?"

"Simunasinthe," ndinatero, ndikulankhulira mbali imodzi ya kamwa. Utsi unandithandiza. Ndinakhosomola, kampango kukamwa, dzanja m'jekete, ndipo thumba linalandira mlendo wake woyamba.

Anthu anali thithithi chifukwa pa TV panali mpira. Malo okha amene anatsala anali pakona, tebulo lalitali lopangidwa ndi chitseko chakale, benchi lake logundana ndi khoma. "Bambo alowe kaye, akhale kotsamira," anatero Mawa, ndipo ndinalowa chammbali mpaka phewa langa lamanja linagunda khoma. Kasingano anakhala kumanzere kwanga, mbali ya thumba. Kupitirira iye kunakhala bambo wina wonenepa ndi mkazi wake, anthu osawadziwa, amene anatseka benchi lonse mpaka kumapeto. Mawa anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nane, chammbali pang'ono kuti diso limodzi lizionera mpira. Kumbuyo kwanga khoma, kumanja khoma, kutsogolo tebulo likundikanikiza pamimba. Malata ankawotcha ngati ayironi yoiwalidwa pansalu.

"Vulani jekete, bambo, kukutentha," anatero Kasingano.

"Telala savula jekete pagulu. Ndi chikwangwani cha ntchito yake."

Anandiyang'ana pang'ono.

Akazi awo a Makala anabwera ndi jagi ndi beseni, tinasamba m'manja tili pomwepo. Kenako thireyi inafika: nthiti za mbuzi, nyama ya ng'ombe yodula nthulinthuli, theka la nkhuku, tchipisi, kabichi ndi tomato, kamulu ka mchere ndi tsabola pambali. Mawa anaitanitsa ngati akudyetsa timu yonse ya pa TV ija. Anasankha nthuli zikuluzikulu n'kuzikankhira mbali yanga. "Bambo ndi nthiti ndimawadziwa ine. Kale ankatisiyira mafupa oyera ngati achita kuchapa."

Ndinayamba ntchito. Kuluma, kutafuna, kuyamwa madzi ake onse, kudikira kuti Kasingano aweramire thireyi kapena anthu akuwe za mpira, kenako kampango, kenako m'jekete. Poyamba zinkayenda ndithu, mpaka ndinayamba kudzitama mumtima. Koma nyama yochokera pamoto imatentha ngakhale waitafuna, ndipo posakhalitsa m'nthiti mwanga munali ngati ndabisamo botolo la madzi otentha. Njala nayo inadzuka. Mimba inkamva kuti kukamwa ntchito ikugwirika koma pansi sipakufika kanthu, ndiye inayamba kulira mokweza mpaka ndinkakhosomola kuti isamveke. Ndinali ndi mkwiyo wosowa woupatsa. Ndinakwiyira a Makala chifukwa chodziwa kuotcha, Mawa chifukwa chomeza osatafuna n'komwe, ndi bambo wonenepa uja chifukwa cha mmene khosi lake linkayendera mosavuta.

Mawa anagogoda botolo ndi kiyi wa galimoto. "Ndilankhuleko pang'ono. Mlongo wanga, wavutika mokwana. Pita ukaphunzire, za kuno usaziganize. Bambo ndili nawo ine. Loweruka lililonse ndiziwatenga, tizibwera konkuno."

"Loweruka la chaka chiti, achimwene?" anafunsa Kasingano akunyambita chala.

Tinaseka tonse, ngakhale Mawa yemwe. Ndinali nditaiwala kaseke ka mwana wanga, kaja kotaya mutu kumbuyo. Anali atalukitsa tsitsi dzulo lake, koyamba pa zaka zingapo. Anayamba kutifotokozera za kusukulu kuja ngati anafikako kale: kuti m'chipinda amagona anayi, kuti iye akafika molawirira kuti akapeze bedi la pawindo, kuti chaka chachiwiri amakwera mapolo enieni ndi malamba m'chiuno. "Ndikhala gogo wa kalasi yonse," anatero, "koma ana amenewo aona." Ndinamuyang'ana akulankhula, manja ake okhakhala ndi sopo wa zaka zisanu ndi chimodzi akujambula mawaya m'mwamba, ndipo ndinalumbira mumtima kuti ngakhale mbuzi yonse ilowe m'jekete, ilowa basi.

Woyamba kundizindikira anali mphaka wa pamalopo. Anasiya mafupa onse a pansi pa tebulo n'kudzakhala pakati pa mapazi anga, maso ali pachifuwa panga. Ndinamukankha ndi nsapato, anabweranso. Apa ndinagwira thumba chakunja n'kupeza kuti lafufuma, jekete layamba kulendewera mbali imodzi. Linafunika kukhuthula.

"Ndipatseniko njira, ndikataye madzi."

Ndinadzuka theka, popeza pamenepo panalibe podzukira bwino. Kasingano anatembenukira kwa bambo wonenepa uja. Iye manja onse awiri anali m'nkhuku. "Tingomaliza kaye kachidutswa aka, achikulire," anatero, mkazi wake n'kuyamba kusonkhanitsa zikwama mosafulumira, kusakasaka nsapato imene anavula pansi pa tebulo. Asanaipeze, a Makala anatulukira ndi mbale ikufuka nthunzi.

"Khalani pansi, a Telala, iyi siidikira munthu. Chiwindi ndi mtima. Ndi mphatso ya mwana wathu wa magetsiyu, kuti akadzabwera adzandiikire fani pano, tikupsa." Anaika mbale patsogolo panga penipeni, n'kuima manja ali m'chiuno. "Yambani ndinu akulu."

Ndinabwerera pabenchi, ndipo pokhala pansi m'mphepete mwa tebulo munafinya thumba. Ndinamva kufinyako koma sindinaganizepo kanthu, maso a a Makala ndiwo ankandivuta. Nthuli yoyamba inapita kutsaya lamanja. Sanachoke. Yachiwiri kutsaya lamanzere. Anayamba kufotokoza za mmene anasankhira chiwindicho m'mawa, ndi mmene ogulitsa nyama a masiku ano aliri akuba. Yachitatu ndinaisunga pansi pa lilime, ndikungogwedeza mutu, thukuta likutsikira m'kolala. Anandipulumutsa ndi woimbira mpira, amene anapereka penate. Chisakasa chonse chinaimirira, a Makala anathamangira ku TV, Mawa naye anadzuka ndi nthiti m'manja n'kulowa m'gulu. Ndinakhuthulira zonse zitatu m'kampango n'kuzikankhira m'thumba mwamphamvu, popeza malo anali atachepa.

Telala aliyense amadziwa kuti singano ikaboola pulasitiki, bowolo silitsekeka. Nsalu imadzibweza, ulusi n'kutseka podutsa pake, koma pulasitiki ayi. Zimenezi ndaphunzitsa anthu ambirimbiri posoka majekete a mvula, ndikuwakalipira kuti atalikitse msoko. Koma Lachisanu lija, pofuna kuti ntchito ikhale yooneka bwino, ndinasoka mothithikana, kawiri konse. Pansi pa thumba langa panali timabowo mazanamazana, ndipo ndinatiboola ndekha ndi manja angawa.

"Bambo, mwadontheza mafuta pajekete," anatero Kasingano.

Ndinayang'ana. Banga lake linali lalikulu ngati chikhatho, m'munsi mwa chifuwa, lakuda pansalu yotuwa, ndipo linkakula ine ndikuona.

"Ndi nthiti zija, zimadontha."

Anatenga tishu n'kuyamba kupukuta. Anapukuta kawiri, kachitatu anaima. Mwana wokulira m'shopu ya telala amadziwa kusiyana kwa banga logwera pamwamba ndi banga lochokera m'kati. Ndinagwira dzanja lake, koma mphamvu zanga zinali za tiyi ndi nthochi. Anatsegula jekete, anasuzumira m'thumba, anaona nyama yonse ya masana amenewo ili phwatiphwati, yotuwa, yotafunatafuna. Sanakuwe. Anayendetsa chala pamsoko kuchokera kumwamba mpaka pansi, monga ndinamuphunzitsira kuyendera ntchito ya munthu wina.

"Ulusi uwu ndi watsopano," anatero. "Mwasoka bwino."

Zikanakhala bwino akanandikalipira. Anabweza jekete mwakachetechete, n'kulikoka kuti bangalo libisike kuseri kwa mkono wanga, anthu asaone.

"Ndi mano," ndinatero. "Mano akundivuta. Sindinafune kukhumudwitsa achimwene ako."

"Mano agwira ntchito yake, bambo, nyama yonseyo ndi yotafuna." Ankalankhula motsitsa, maso ali pathireyi. "Mathalauza mwachepetsa kangati?"

"Kawiri."

"Katatu. Amachapa ndine. Ndimati ndi chisoni cha mayi chikukudyani, ndimati chitha chokha." Anapindapinda tishu m'manja. "Kapena ndimangofuna kuti chikhale chimenecho. Kuchipatala mwapitako?"

Ndinayang'ana khoma, ndinayang'ana tebulo, ndinayang'ana msana wa bambo wonenepa uja amene tsopano anali ataimirira kumapeto kwa benchi, kutseka ngakhale kuwala. Kothawira kunalibe. Ndinamuuza zonse m'mawu ochepa: chotupa, kapaipi, kapepala kali pansi pa mabatani.

"Anati mupite liti?"

"Sabata zitatu zapitazo."

"Ndi ndani?"

Funso limenelo ndi limene linandipsetsa mtima, chifukwa yankho lake tonse tinkalidziwa. "Tamvera, iwe. Basi ija ukwera. Sindinakuberekere kuti moyo wako wonse uthere kutchera manja pazibwano za nkhalamba. Achimwene ako alipo."

Tonse awiri tinatembenuka kuyang'ana Mawa. Anali pansi pa TV, wakolekana mikono ndi munthu wosamudziwa, akulalatira woimbira mpira ndi fupa m'manja. Ndi mwana wanga ndipo ndimamukonda, mtima wake ndi wabwino.

"Ndipita ndekha," ndinatero. "Anamwino alipo, ndi ntchito yawo."

"Namwino mmodzi, odwala makumi anayi. Mukatsamwa adzakuonani ndani?"

"Imeneyo si nkhani yako. Ndine bambo ako, ndipo ndikukulamula. Ukatsala kuno chifukwa cha ine, sindidzakukhululukira. Ndidzafa ndikukukwiyira."

Ndinkanena zoona. Ndinkaopa imfa monga munthu aliyense, koma chimene ndinkaopa kwambiri chinali kudzatsegula maso m'chipatala n'kuona Kasingano ali pamkeka pansi pa bedi langa, wakwanitsa zaka makumi atatu ndi beseni m'manja.

Anazunguza chala m'kamulu ka mchere. Kenako anatenga chiwindi m'mbale ija n'kubenthula kachidutswa kakang'ono ngati batani la malaya. Anakaika m'mphepete mwa mbale, patsogolo panga.

"Mezani aka, ine ndikuona. Mukameza, Lolemba ndikwera basi, ndipo mukapita nokha monga mwaneneramo."

"Ukunena zoona?"

"Ndinayamba ndakunamizanipo?"

Ndinamuyang'ana m'maso, ndipo ndinaona chinthu chimene sindidzachiiwala. Sankandiyesa ayi. Ankafuna kuti ndimeze. Basi ija ankaifuna ndi mtima wake wonse, ndipo ankachita manyazi poifuna.

Ndinatenga kachiwindiko. Chiwindi ndi nyama yofewa, ngakhale mwana wopanda mano amadya. Ndinatafuna pang'onopang'ono, mbali iyi, mbali iyo, mpaka kanasanduka ngati phala. Ndinasonkhanitsa malovu onse amene ndinali nawo. Ndinawongola msana kukhoma, ndinakweza chibwano monga ndinkachitira ndi buledi woviika, ndinagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Ndinapempha Mulungu chinthu chimodzi chokha, kuti njira itseguke kamodzi aka basi, mawa itsekeke mpaka kalekale ngati akufuna. Ndinameza.

Kanatsika. Ndinakamva kakutsika, kudutsa pakolala, kufika pabatani lachiwiri. Kasingano anali atasiya kupuma. Pabatani lachitatu kanaima, pamalo pake pa masiku onse, ngati singano ikagunda msoko wa jinzi. Ndinakankha kachiwiri. Ululu unayenda mpaka kumsana. Ndinakankha kachitatu, maso ali psuu, misozi ikutuluka yokha, ndipo ndinamva kakubwerera, pamodzi ndi malovu ndi madzi owawa. Ndinatseka milomo mwamphamvu. Ndinaganiza kuti ndikangokasunga m'kamwa, ndikangomwetulira, mwina akhulupirira, mwina asankha kukhulupirira.

Ku TV anthu anakuwa, wina wagoletsa. Mabenchi anagwa, Mawa ankalumpha akutchula dzina la mlongo wake kuti aone. Kasingano sanatembenuke. Anandiyang'ana ndikulimbana ndi masaya anga, malovu akuyamba kutulukira pakona ya mlomo. Ndinapukusa mutu kumukaniza. Anadikira pang'ono, kundipatsa mpata wina umene tonse tinkadziwa kuti ndi wopanda ntchito. Kenako dzanja lake linadzuka lokha, monga dzanja lozolowera, n'kudzatchera pansi pa chibwano changa.

"Lavulani, bambo."

Ndinalavula.

Anakulunga mu tishu, anapukuta chikhatho, anandipukutanso pakamwa ndi kampango kanga komwe. Nkhope yake inali itabwerera ija ndinkaidziwa, yodekha, yosafuna kanthu. Mawa anafika ali wefuwefu, thukuta kamukamu, n'kugwera pampando. "Mwaphonya chigoli cha chaka. Bwanji mwasiya nyama? Bambo, musandichititse manyazi, malizani nthitizi." Pomaliza mawuwa, iye anali atatembenukira kale ku TV.

Ndinayesa komaliza. "Kasingano, mwana wanga, chikwama wapakira kale."

"Eya, ndapakira kale," anatero, akundimangira batani la jekete kuti banga lisaoneke potuluka. "Lolemba tidzuke molawirira, kuchipatala mzere umatalika. Ndingochotsamo maovolosi."